Kupanga kandege ka Mew Gull ndi manja: zogula, zosema ndi zoti muzisiye

Percival Mew Gull inali ndege yamatabwa yampikisano, yaing'ono moti munkakwana munthu mmodzi yekha, nayenso mochita kupanikizika. Mapiko ake, kuchokera nsonga ina kufika inzake, anali mamita 7.54, ndipo thunthu lake linali mamita 6 ndi pang'ono. Pa 5 February 1939, Alex Henshaw, mnyamata wa zaka 26, ananyamuka nayo ku Gravesend ku England. Anatera ku Oran, Gao, Libreville ndi Mossâmedes kukathira mafuta, n'kufika ku Cape Town patatha maola 39 ndi mphindi 23. Atapumako pang'ono anabwerera njira yomweyo. Ulendo wonse unamutengera masiku 4, maola 10 ndi mphindi 16, ndipo panadutsa zaka 70 kuti papezeke woyenda yekha wachangu kuposa pamenepo, Chalkie Stobbart wa ku South Africa, mu 2009.

Ndege imeneyi, ya nambala G-AEXF, ndi imene ndikufuna tikambirane kapangidwe ka kachifaniziro kake. Sindikunena zogula bokosi la zidutswa zodulidwa kale n'kumangomata ayi. Ndikunena zoyambira pa chojambula, mpeni ndi sandipepa. Amene anakula akupinda magalimoto a mawaya diso ali nalo kale. Chimene chimasowetsa anthu mtendere ndi kusankha zipangizo, chifukwa ndalama zimatha pa zinthu zimene manja akanatha kupanga, kenako n'kusowa yogulira zimene manja sangapange.

Musanagule kanthu, sankhani chaka. Ndegeyi inasintha maonekedwe kangapo. Mu 1936 inali ndi nambala ya ku South Africa, ZS-AHM, ndi dzina loti The Golden City, ndipo Allister Miller analowa nayo mpikisano wa Schlesinger wochokera ku Portsmouth kupita ku Johannesburg. Mpikisano umenewo unadutsa mumlengalenga mwa kwathu kuno ndipo unatha moipa. Pa ndege 9 zimene zinanyamuka pa 29 September, imene inamaliza ndi imodzi, ya C.W.A. Scott ndi Giles Guthrie. Miller analekera ku Belgrade. Mew Gull ina, ya Stan Halse, inagwa kufupi ndi Salisbury, Harare wa lero, ndipo ku Abercorn, kumene masiku ano ndi Mbala ku Zambia, ndege ya Airspeed Envoy inagwa ponyamuka n'kupha Max Findlay ndi A.H. Morgan. Henshaw ataigula ndegeyi, amisiri a Essex Aero ku Gravesend anatsitsa chivindikiro cha pampando wa woyendetsa pamodzi ndi msana wa thunthu kuti mphepo isamaigwire, ndipo mu 1938 anapambana nayo mpikisano wa ndege wa King's Cup pa liwiro la makilomita pafupifupi 380 pa ola. Ndiye mukatenga chojambula cha 1936 n'kupakapo penti wa 1939, mupanga ndege imene sinakhaleko. Ine ndimakonda ya 1939, yoyera ndi zilembo zobiriwira, yamsana wotsika. Ndege yeniyeniyo ikusungidwa ku Shuttleworth Collection, malo osungira ndege zakale ku Old Warden ku England, ndipo zithunzi zake n'zambiri pa intaneti, koma dziwani kuti yamangidwanso kangapo nkhondo itatha. Zithunzi zatsopano muziyerekeze ndi zakale.

Funso lachiwiri ndi lakuti kandegeko kauluke kapena kakhale koyika pashelefu. Pa sikelo ya 1:24, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kandege ikuimira masentimita 24 pa ndege yeniyeni, mapiko akhala masentimita 31, pa 1:12 akhala 63, pa 1:6 akhala 126, pa 1:4 afika 189. Koyika pashelefu kamakoma pa 1:24 kapena 1:12, ndipo kulemera sikukhala nkhani. Kouluka, kamene mumakawongolera ndi wailesi muli pansi, n'kosiyana. Kakachepetsa kwambiri, kamphepo kalikonse kamakagwedeza ndipo zamagetsi zimasowa malo. Kakakula kawiri, mapiko amafutukuka kanayi koma kulemera kumakwera kasanu ndi katatu, mtengo wa zonse nawo n'kukwera. Pa 1:6 m'pamene ndimaona kuti zinthu zimagwirizana: kamakwana kumpando wakumbuyo kwa galimoto, mota ndi batire zake zimapezeka, ndipo kangalemere kilogalamu imodzi ndi theka. Zambiri zimene zikutsatirazi zikunena za kameneka.

Nkhani yaikulu ili pa mtengo wopangira. Balsa, mtengo wopepuka kwambiri, ndi amene anthu a ntchitoyi anamuzolowera padziko lonse. Wambiri amachokera ku Ecuador, ndipo kawirikawiri amalemera makilogalamu 100 mpaka 200 pa kiyubiki mita. Paini amafika cha m'ma 500, mlombwa umadutsa 600, pulayiwudi wa birch ali pafupi ndi 700. Manambala amenewa akukuuzani chifukwa chake thabwa labwino la kwa kalipentala silingakhale phiko. Koma balsa nayenso si wofanana. Mapepala awiri a mamilimita 1.5 ochokera m'mtolo umodzi akhoza kusiyana kulemera kawiri. Ngati mukutuma wachibale wa ku Joni kapena ku UK kuti akugulireni, muuzeni asankhe opepuka ndi otumbuluka, ndipo agule ochulukirapo kuti inu mudzayeze pa sikelo ya kukhitchini. Opepukitsitsa apite kumchira, olimbako apite kutsogolo kwa phiko, ndipo phiko lamanja ndi lamanzere mulipatse mapepala olemera mofanana. Kuipa kwa balsa n'kwakuti ndi wodula, amaphwanyika paulendo, ndipo chikhadabo chokha chimasiya chidindo.

Foam ndiye mnzake wopikisana naye. Ndikunena yolimba ija yotchingira kutentha m'nyumba, imene amaitcha XPS, osati yoyera yamibulumibulu yobwera m'makatoni a mafiriji, imene imanyenyeka mukaipala. XPS imalemera makilogalamu 30 mpaka 40 okha pa kiyubiki mita, ndipo imadulika bwino ndi waya wotenthetsa ndi magetsi. Thunthu la Mew Gull lili ndi mbali zosalala ndi msana wobulungira, ndiye mukhoza kupanga bokosi la mkati ndi pulayiwudi woonda n'kumata foam pamwamba ndi pamphuno kuti museme maonekedwe. Foam payokha ilibe mphamvu. Phiko la foam lopanda mtanda limapindika kandege kakamakhota mwaliwiro, ndipo khungu limene mumalikuta nalo limadya theka la kupepuka kumene munapindula. Kusankha kwanga ndi uku: phiko likhale la nthiti za balsa lokutidwa ndi balsa wa mamilimita 1.5, pakuti ndege yeniyeniyo inali yamatabwa yokutidwa ndi pulayiwudi ndipo kusalala kwake kumatuluka kokha, koma msana, mphuno ndi zodzazira m'makona zikhale za foam. Amene balsa sangamupeze m'pang'ono pomwe apange phiko la foam, aikemo mtanda wa paini wowongoka wopanda mfundo kapena ndodo ya kaboni, ndipo kauluka ndithu.

Zakwathu zilipo zothandiza, bola kudziwa pozigwiritsa. Mkati mwa chiwale chouma ndi mkati mwa mtengo wa khonje ndi mopepuka modabwitsa, ndipo mumasemeka ngati balsa. Ndi zabwino pa nsonga za mapiko ndi podzaza mipata, koma musaziike ponyamula katundu chifukwa zimathyoka mosachenjeza. Ziume bwinobwino ndipo muone ngati mulibe tizilombo tofumbwa. Nsungwi yong'aluridwa imapindika pamoto n'kukhala mkombero wolimba wa mchira. Malaina ndi wabwino kwambiri pa kandege ka pashelefu: amasemeka mosavuta, sang'aluka, ndipo penti amamugwira. Pa ntchito imeneyo balsa amachita kuchepa, chifukwa tinthu ting'onoting'ono ta 1:24 timafuna mtengo wogwira mpeni. Mkungudza wa ku Mulanje usiyeni ngakhale wina akutsatseni kachidutswa. Mtengowo watsala pang'ono kutheratu, ndipo palibe chimene ungachite pa kandege chimene malaina angalephere.

Pa guluu sinditaya nthawi. Woyera wa akalipentala amagwira balsa ndi foam, amapalika, ndi wotchipa, kungoti amafuna usiku wonse. Supagulu amagwira pompopompo koma amasungunula foam ndipo amasiya mzere wolimba umene sandipepa amaulumpha n'kudya mtengo wa pambali pake. Epoxy, wosakaniza machubu awiri uja, ndi wolemera, choncho apite pamalo atatu okha: khoma lomangirapo mota, polumikizira mapiko pakati, ndi pomangira miyendo. Guluu wa mfuti yotentha amafewa padzuwa la mu October, musamuike pena paliponse pofunika.

Pano ndiime pa chinthu chimene chimalamula zosankha zonse, kulemera kwa kumchira. Ndege yeniyeni inali ndi injini ya de Havilland Gipsy Six ya masilinda 6, chitsulo cholemera chokhala kutsogolo, n'chifukwa chake woyendetsa ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa phiko. Kandege kanu kutsogolo kali ndi mota yopepuka. Mtunda wochoka paphiko kufika kumchira ndi wautali kawiri kapena katatu kuyerekeza ndi wofika kumphuno, ndiye magalamu 10 owonjezera kumchira amafuna magalamu 20 mpaka 30 a mtovu kumphuno kuti zilingane. Kandege kanga koyamba ndinakakuta thunthu lonse ndi nsalu yagalasi yokhuthala, n'kuthira utomoni mosaumira, pofuna kuti kawale ngati galimoto. Poyeza ndinapeza kuti kakufuna mtovu wochuluka kumphuno, ndipo katanyamuka kankafuna liwiro lalikulu kuti kasagwe. Kanathera m'munda pa ulendo wachiwiri, phiko litagwera mbali imodzi potera. Ntchito ya miyezi inayi inatha choncho, ndipo zinandiwawa kwambiri.

N'chifukwa chake khungu la kandege ndimaliganizira kwambiri kuposa mota. Pulasitiki yomata ndi simbi, monga Oracover, ndi yachangu, yopepuka, ndipo imabwera ndi mtundu wake kale. Yoyera imakwanira bwino pa G-AEXF, zilembo zobiriwira n'kuzidula pa ina. Vuto lake ndi lakuti imawala mwa pulasitiki, imachita makwinya padzuwa, ndipo pamalo obulungira ngati pamene phiko likukumana ndi thunthu imavuta. Pa foam imafuna simbi yosatentha kwambiri. Pepala lopyapyala lopakidwa dope, mankhwala onga vanishi okoka pepala akauma, ndi njira yakale, yopepuka koposa zonse, ndipo pa balsa limatulutsa maonekedwe a ndege yamatabwa yopentedwa. Koma dope amasungunula foam, fungo lake limafuna panja, ndipo m'nyengo ya mvula amauma mwachifunga. Nsalu yagalasi yopyapyala, ya magalamu 25 pa sikweya mita, yomatidwa ndi vanishi wosungunulira madzi, imapereka khungu lolimba losabooka msanga, bola mupake mowuma n'kupala pakati pa ulendo uliwonse. Pali njira inanso imene anthu amaiderera: pepala lakhaki, longa la maenvulopu, lonyowetsedwa ndi guluu woyera wosungunula ndi madzi. Likauma limakoka n'kulimbitsa foam ngati chigoba cha dzira. Pa phiko mumate pansi ndi pamwamba nthawi imodzi, apo ayi lipotoka. Kwa woyamba amene akufuna kandege kouluka, pulasitiki ya simbi ndi imene ingamusungire kandege kake. Kwa amene diso lake silingapirire kuwala kwa pulasitiki, nsalu yagalasi ikhale kutsogolo kwa thunthu ndipo kumchira kukhale pepala lopyapyala. Penti woyera saphimba msanga ndipo ndi wolemera, choncho pansi pake pakhale poyera kale kuti musabwereze kanayi.

Tibwere ku mphuno. Gipsy Six inkamangidwa chadodolido, masilinda ali pamzere umodzi kuloza pansi, ndiye mphuno ya Mew Gull ndi yopapatiza, yaitali chotsika, pulopela ili kumtunda. Kukongola kwa ndegeyi kuli pamenepo, ndipo chilichonse chotulukira kunja chimakuwononga. Injini yamafuta ya two-stroke ili ndi mphamvu ndipo ndi yotchipako, koma chotulutsira utsi chake chimatulukira pambali ngati chotupa. Ya four-stroke, monga zopangidwa ndi O.S. kapena Saito, ikamangidwa chadodolido imabisala bwino ndipo kulira kwake kumafanana ndi ndege yeniyeni. Kulemera kwake kumathandizanso kumphuno. Koma injini yozondoka imamwa mafuta mopitirira n'kuvuta kuliza, imafuna mpweya wokwanira wozizitsa m'mphuno yothina, ndipo mafuta ake, osakaniza methanol, oyilo ndi nitromethane, si opezeka pa filing'i siteshoni. Kandege konse kamafunanso penti wosaopa mafutawo.

Mota ya magetsi ya brushless ilibe mavuto amenewa. Kandege ka kilogalamu imodzi ndi theka kamafuna mawati 150 mpaka 200 pa kilogalamu, ndiye mawati 300 akwana ndi kutsalako. Mota ya mamilimita 35 m'mimba mwake, ya kV (kuzungulira kwake pa mphindi pa voti iliyonse) 900 mpaka 1000, pa batire la LiPo la maselo 3, la 2200 mAh kapena kuposerapo, ndi ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota) ya ma amp 40 ndi pulopela ya mainchesi 11, ndi gulu limene limagwirizana. Batire mulikankhire kutsogolo mmene mungathere kuti ligwire ntchito ya mtovu. Musanyengeke ndi mamota a ma drone othamanga amene akupezeka kwambiri masiku ano. Ambiri amazungulira mothamanga ndi pulopela yaing'ono, imene pa mphuno ya Mew Gull ingaoneke ngati chidole ndipo singakoke bwino ponyamuka. LiPo imafuna ulemu: selo lililonse lisapitirire mavoti 4.2, tchajani ndi tchaja yake yolinganiza maselo, pa simenti, inu muli pomwepo. Batire lotupa kapena lobooka limayaka. Wokubweretserani pa ndege alinyamule m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi. La maselo 3 la 2200 mAh ndi la 24 Wh basi, pamene malire a nthawi zonse ololedwa pa ndege ndi 100 Wh. Ine ndimasankha magetsi, ngakhale ndikamva four-stroke ikudutsa chapansipansi mtima umandikoka.

Kanthu kena ka pulopela kamene ambiri amakaphonya: injini za Gipsy zimazungulira mosemphana ndi za ku America, kumanzere mukayang'ana muli pampando. Pa kandege ka pashelefu, semani pulopela ya masamba awiri yopotokera mbali imeneyo. Malaina kapena mlombwa apa ndi pake. Pa kouluka gulani pulopela ya m'sitolo. Yosema pamanja ikapanda kulingana imanjenjemeretsa mota mpaka kumasula zomangira, ndipo tsamba likathothoka limavulaza.

Chivindikiro choonekera cha pampando musagule. Semani chikombole cha mtengo, chipaleni chisalale, chilowetseni m'botolo la pulasitiki la malita awiri la zakumwa, mutsekere mpata ndi timatabwa, kenako wombani ndi mpweya wotentha kapena muzungulitse patali pamwamba pa mbaula. Botololo limakhwinyata n'kugwira chikombole. Mwina mabotolo atatu oyamba awonongeka, koma ndi aulere. Zophimba matayala, zonga nsapato zija, ndi chizindikiro china cha ndegeyi, ndipo ndi zimene zimayamba kuthyoka. Zopangidwa ndi makina a 3D zimatuluka zofanana bwino mbali zonse, koma PLA wamba, pulasitiki ya makinawo, ndi wolemera ndipo amafewa pa madigiri 60, kutentha kumene m'galimoto yotsekedwa padzuwa kumafika. PETG, pulasitiki ina ya makinawo, amapirirako. Za nsalu yagalasi zoumbidwa pa chikombole cha foam ndi zolimba ndi zopepuka, kungoti zimadya masiku. Za balsa wosanjikiza zimakonzeka msanga zikathyoka. Pa bwalo lathu la fumbi ndi zitsotso za udzu, ndimapanga zochotseka: ziwiri zokongola zojambulitsa, ndipo pophunzira kutera zimakhala m'thumba. Miyendo ikhale ya waya wachitsulo wa piano wa mamilimita 4. Sipoko ya njinga ndi yabwino pa ndodo zokankhira zowongolera, koma ngati mwendo imapindika n'kukhala yopindika. Matayala opepuka a foam ndi otchipa, ndipo odula pa patapata wakale amagwiranso ntchito mukaika kachubu kachitsulo pakati. Kansonga kozungulira ka pamphuno gulani, chifukwa kamayenera kuzungulira mosagwedezeka.

Pamene simuyenera kuumira ndi pa wailesi yowongolera ndi ma servo, timamota tokankha zowongolera. Wailesi ya 2.4 GHz ya matchanelo 4 kapena 6 ikwana. Ma servo aang'ono a magalamu 9 a mano apulasitiki amatchipa, koma pa kandege kothamanga ka kukula uku mano amathothoka. Pa chowongolera chokweza ndi kutsitsa mphuno ikani ya mano achitsulo, ndipo ma servo onse akhale pansi pa phiko kapena kutsogolo kwake, osati kumchira.

Pali malo awiri pamene ndimalolera kusiyana ndi chojambula. Phiko la Mew Gull limaonda kunsonga, ndipo pa kandege kakang'ono nsonga yoteroyo imataya mphamvu yonyamula msanga liwiro likatsika. Pomanga, potolani nsonga iliyonse madigiri 2, kumbuyo kwake kukwere pang'ono. Mchira wopingasa nawo ndimaukulitsa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Wopita ku mpikisano woyeza kufanana ndi ndege yeniyeni ausiye mmene ulili, koma ena tonsefe palibe angaone.

Mukamaliza, kanyamuleni pa zala ziwiri pansi pa phiko, pa kota ya kufutukuka kwake kuchokera kutsogolo, batire lili m'malo mwake. Mphuno iwerame pang'ono. Kumbukiraninso kuti malangizo ambiri a mota ndi pulopela amalembedwa ndi anthu okhala kufupi ndi nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, Lusaka pafupifupi 1,300, Johannesburg cha m'ma 1,750, ndipo pa mamita 1,000 mpweya umakhala utapepuka kale ndi gawo limodzi mwa khumi. Dzuwa likakwera umapepukiratu. Kandege kamathamanga mtunda wautali kasanadzuke ndipo kamatera mwaliwiro. Funsani akuluakulu oona za maulendo a pandege za chilolezo, khalani kutali ndi bwalo la ndege, nyumba ndi mawaya a magetsi, ndipo pemphani munthu amene anaulutsapo kuti agwire wailesi pa ulendo woyamba. Pitani m'mamawa mphepo isanadzuke, ana amene abwere kudzaonerera muwaimike kumbuyo kwanu, zophimba matayala zili m'thumba.